Mmene mungamalizire msanga ngongole ya nyumba

Munthu amene wabwereka K40 miliyoni kubanki kuti agule kapena kumanga nyumba ku Area 49 kapena ku Area 25 mu Lilongwe, pa chiwongola dzanja cha 25 peresenti pachaka, napatsidwa zaka 15 zoti abweze, amalipira pafupifupi K854,000 mwezi uliwonse. Pa ndalama ya mwezi woyambayo, K833,000 imapita ku chiwongola dzanja, ndipo imene imachepetsa ngongole yeniyeni siikwana ndi K21,000 yomwe. Pakatha zaka 5 akulipira osaphonya mwezi, amakhala atapereka ndalama zopitirira K51 miliyoni, koma ngongole yotsala imakhala K37.5 miliyoni, ndipo pakatha zaka 10 imakhala idakali pa K29 miliyoni. Pofika mwezi womaliza amakhala atapereka pafupifupi K154 miliyoni pa nyumba imene anabwerekera K40 miliyoni. Manambalawa ndi chitsanzo, ndipo awerengedwa ngati kuti chiwongola dzanja sichisintha zaka zonsezo, koma aliyense amene ali ndi ngongole ya nyumba akatenga sitetimenti yake n'kuiwerenga modekha apeza kuti zake zikuyenda chimodzimodzi.

Apa palibe chinyengo chimene banki yachita. Chiwongola dzanja chimawerengedwa pa ndalama imene yatsala kuti mubweze, ndipo kumayambiriro ndalama yotsalayo imakhala yaikulu, choncho pafupifupi zonse zimene mukulipira zimathera pa chiwongola dzanjacho. Mawerengedwe omwewa ndi amene angakuthandizeni mukawamvetsa. Kwacha iliyonse imene mwawonjezera pamwamba pa ndalama ya pamwezi, banki ikaichotsera ku ngongole yeniyeni, imasiya kubala chiwongola dzanja kuyambira tsiku limenelo mpaka kumapeto.

Tibwerere ku chitsanzo chija. Mukamawonjezera K50,000 yokha mwezi uliwonse kuyambira pachiyambi, ngongole ya zaka 15 imatha m'zaka 10 ndi miyezi 4, ndipo mumapulumutsa pafupifupi K42 miliyoni. Mukamawonjezera K100,000, imatha m'zaka 8 ndi miyezi ingapo, ndipo ndalama yopulumuka imafika pafupifupi K58 miliyoni. Chimene anthu ambiri sachiganizira ndi nthawi imene ndalama yowonjezerayo yalowa. K1 miliyoni yoperekedwa kamodzi kumayambiriro kwenikweni kwa ngongoleyi imadula miyezi yopitirira 33 pa nthawi yobweza, pamene K1 miliyoni yomweyo ikaperekedwa patatha zaka 10 imangodula miyezi pafupifupi 4. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi maganizo akuti munthu ayambe wapuma zaka zoyambirira, agule mipando ndi galimoto, ndipo za kulipira mowonjezera adzaziganizire mtsogolo malipiro akadzakwera. Zaka zoyambirirazo ndi zimene kandalama kochepa kamagwira ntchito yaikulu kuposa nthawi ina iliyonse.

Musanatumize ndalama yowonjezera, kambiranani ndi banki

Kaya ngongole yanu ili ku National Bank of Malawi, ku Standard Bank, ku NBS Bank, ku FDH Bank kapena kwina, musayambe kutumiza ndalama musanawerenge kalata ya mgwirizano imene munasaina. Funsani ngati pali chindapusa kwa munthu wobweza ngongole nthawi yake isanakwane, ndipo ngati chilipo, akuuzeni mawerengedwe ake ndiponso ngati chimakhudza ndalama zowonjezera za mwezi ndi mwezi kapena kutseka ngongole yonse kokha. Chindapusa chochepa sichiyenera kukuopsani, pakuti pa chiwongola dzanja cha kuno phindu la kulipira msanga nthawi zambiri limachiposa kutali, koma muyenera kuchidziwa musanayambe.

Funso lofunika kwambiri ndi la kumene ndalama yowonjezerayo ikagwere. Mukangoika ndalama mu akaunti imene banki imadulamo ngongole, ndalamayo imangokhala momwemo kudikira tsiku lodula, ndipo ngongole yanu siichepa ndi tambala yomwe. Lembani kalata yopita kwa woyang'anira ngongole pa nthambi yanu, yonena momveka bwino kuti ndalama iliyonse yowonjezera ichotsedwe ku ngongole yeniyeni tsiku limene yalowa, ndipo musunge kope lodindidwa. M'kalata yomweyo nenani kuti mukufuna kuti nthawi yobweza ifupike, ndalama ya pamwezi ikhale momwe ilili. Banki ikhoza kuchita njira inayo, yochepetsa ndalama ya pamwezi n'kusiya zaka zili chimodzimodzi. Njira imeneyo imapeputsa mwezi, ndipo ndi yabwino kwa munthu amene malipiro ake atsika, koma siipulumutsa ndalama zambiri ngati zimene tawerenga pamwambapa.

Zikamveka, konzani standing order, lamulo limene mumapereka kubanki loti izidula yokha ndalama pa tsiku loikika, kuti ndalama yowonjezerayo izichoka yokha tsiku lotsatira kulandira kwa malipiro. Ndalama imene munthu amati adzapereka ikatsala pa mapeto a mwezi siitsala. Pakatha miyezi itatu iliyonse pemphani sitetimenti ya ngongoleyo, osati ya akaunti yanu wamba, ndipo muone ngati ndalama yotsala ikutsika mogwirizana ndi zimene mwapereka. Mukaona kusiyana, kadandauleni kubanki komweko molemba, ndipo ngati simukuthandizidwa, nkhaniyo mukhoza kuipititsa ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabanki onse m'dziko muno.

Kumbukiraninso kuti ngongole zambiri za kubanki kuno zimakhala ndi chiwongola dzanja chosinthasintha. Kuyambira mu 2019 mabanki amatsatira mlingo umodzi wotchedwa reference rate, umene umalengezedwa mwezi ndi mwezi, ndipo banki iliyonse imawonjezerapo gawo lake malinga ndi mmene yamuonera wobwerekayo. Mlingowu umatsatira kwambiri chiwongola dzanja chimene Reserve Bank imakhazikitsa, chimene mu 2024 chinafika 26 peresenti. Pa ngongole ya K40 miliyoni ija, chiwongola dzanja chikangokwera kuchoka pa 25 kufika pa 26 peresenti kumayambiriro, cha mwezi umodzi chokha chimafika pafupifupi K867,000, kupitirira ndalama yonse imene mumalipira pamwezi, ndipo banki imayenera kukukwezerani ndalamayo. Munthu amene wakhala akulipira mowonjezera amakhala atazolowera kale kupereka zambiri ndipo ngongole yake imakhala yatsika, choncho kukwerako sikumugwedeza kwambiri. Chiwongola dzanja chikatsika, banki n'kukuchepetserani ndalama ya pamwezi, pitirizani kulipira ndalama yakale ija, ndipo kusiyana kwake kukhale kowonjezera kwanu.

Zoyenera kuchita musanayambe kulipira ngongole ya nyumba mowonjezera

Ndalama imene mwaika pa ngongole ya nyumba simungaitengenso mawa mwana akadwala kapena ntchito ikatha. Choncho yambani mwasunga ndalama yokwanira kuyendetsa banja ndi kulipira ngongoleyo kwa miyezi itatu, pamalo pamene mungaitenge msanga koma pamene simuiona tsiku ndi tsiku. Banja limene lathira ndalama zonse pa nyumba popanda chosungira, vuto likagwa limathamangira kwa wakatapila, ndipo chiwongola dzanja cha mwezi umodzi kumeneko chimadya zonse zimene linapulumutsa kubanki chaka chathunthu. Nyumbayo ndi chikole, ndipo kuphonya miyezi ingapo chifukwa chosowa pogwira n'koopsa kuposa kuchedwa kuyamba kuwonjezera.

Mukatero yang'anani ngongole zina zonse zimene muli nazo, ndipo muziyerekeze pa muyeso umodzi, wa pachaka. Ngongole ya kubanki mkhonde ya 10 peresenti pamwezi ikumveka yochepa kuposa 25 peresenti ya nyumba, koma pachaka ndi 120 peresenti. Chimodzimodzinso ngongole zing'onozing'ono za pafoni ndi za mabungwe odula pa malipiro. Zimenezo zithe poyamba, kuyambira yokwera mtengo kwambiri, ndipo ndalama imene imapita kumeneko isadzabwerere m'thumba, ipite ku nyumba.

Pali anthu ena amene sindingawalimbikitse kuthamangira kuwonjezera. Wogwira ntchito amene anapatsidwa ngongole ya nyumba ndi abwana ake pa chiwongola dzanja chotsika kwambiri akhoza kupindula koposa poika ndalama zake zowonjezera ku Treasury bills za boma (kubwereketsa boma ndalama kwa nthawi yochepa) kapena ku SACCO yodalirika, ngati phindu la kumeneko, atachotsa msonkho, likuposa chiwongola dzanja cha ngongole yake. Iyeyo afunse chabe chimene chidzachitike pa ngongoleyo akadzasiya ntchito, chifukwa nthawi zambiri imasamukira pa mlingo wa aliyense. Ena amanena kuti popeza kwacha ikuchepa mphamvu, monga mmene inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, ndi bwino kuchedwa kubweza kuti mudzalipire ndi ndalama yopepuka. Mfundoyi ili ndi choonadi kwa munthu amene malipiro ake amakwera mofanana ndi mitengo ndiponso chiwongola dzanja chake n'chokhazikika. Ambiri a ife malipiro amatsalira m'mbuyo pamene chiwongola dzanja chikutsatira mitengo, choncho kuchedwako kumapindulira banki.

Kupeza ndalama yowonjezera mu bajeti ya pakhomo

Bajeti yoona imayamba ndi kulemba zimene mukuwononga, osati zimene mukuganiza kuti mumawononga. Kwa miyezi iwiri kapena itatu lembani zonse: mayunitsi a ESCOM, bilu ya Lilongwe Water Board, makala kapena gasi, mafuta a galimoto kapena ndalama ya minibasi ndi kabaza, mabandulo a foni, ndiwo, chakudya cha masana kuntchito, ndi tindalama timene mumadulidwa potumiza kapena kutapa pa Airtel Money ndi Mpamba. Mauthenga a pafoni akuthandizani kukumbukira. Pafupifupi banja lililonse limapeza malo awiri kapena atatu amene ndalama ikutayikira mosazindikira, ndipo K50,000 ija kawirikawiri imapezeka pamenepo popanda kuchepetsa chakudya cha ana.

Chimene chimagwetsa bajeti za mabanja ambiri mu Lilongwe si zogula za tsiku ndi tsiku, koma zimene zimabwera kamodzi kapena katatu pachaka ngati kuti n'zadzidzidzi pamene tinkazidziwa kale. Fizi imabwera katatu pachaka. Inshuwalansi ya nyumba ndi ya galimoto, msonkho wa khonsolo ya mzinda, lendi ya malo ku unduna wa za malo, ndi feteleza wa makolo kumudzi mvula ikayandikira, zonse zili ndi nyengo yake yodziwika. Ziphatikizeni zonse za chaka, mugawe pa 12, ndipo gawolo muziliika padera mwezi uliwonse. Chimanga cha chaka chonse chigulidwe nthawi yokolola mtengo uli wotsika ndipo chisungidwe bwino ndi mankhwala, m'malo mogula ndowa imodziimodzi mu January ndi February.

Nkhani ya achibale ndi yovuta kuikamba, koma bajeti imene siiwerengera imakhala yabodza. Maliro adzagwa, chipepeso chidzafunika, ku ukwati ndi kuchinkhoswe kuli pelekanipelekani, ndipo mphwanu adzaimba foni kuti fizi yapelewera. Zimenezi si zoti munthu azithawe, pakuti ndi mmene timakhalira, ndipo tsiku lina ife ndi amene tidzathandizidwe. Chofunika n'kuziikira malire a pamwezi amene mwamuna ndi mkazi agwirizana, kuti thumbalo likatha muthe kunena moona kuti mwezi uno palibe, osati kukatapa pa ndalama ya nyumba. Mgwirizano wa awiriwo ndi wofunika pa dongosolo lonseli. Mmodzi akamadzimana mnzake asakudziwa chifukwa chake, pamabuka kukayikirana, koma onse akaona limodzi pa pepala kuti K50,000 pamwezi ikudula zaka pafupifupi 5, kudzimanako kumakhala kwa onse.

Ndalama zimene sizili m'malipiro a mwezi ndi mwezi ndizo zimafulumizitsa kwambiri. Alawansi ya msonkhano wa ku Salima kapena ku Mponela, bonasi ya kumapeto kwa chaka, ndalama ya soya kapena mtedza wa kumunda, ndiponso mwezi wanu wolandira chipereganyu, gawo lake lalikulu lipite kubanki sabata yomweyo lisanapeze ntchito ina. Malipiro akakwera, theka la chowonjezeracho liwonjezeni pa standing order moyo usanazolowere ndalama yatsopanoyo. Ngati pamalo panu pali kanyumba ka kuseri, lendi yake ikhoza kukhala ndalama yowonjezera yokhazikika, ngakhale kuti kubwerekanso ndalama pa chiwongola dzanja cha lero kuti mumange kanyumba koteroko n'chinthu chofunika kuchiwerengera mofatsa, chifukwa lendi ya pamwezi ikhoza kuchepera chiwongola dzanja cha ngongole yatsopanoyo.

Ngongole ikatsala pang'ono kutha, pemphani banki ikupatseni molemba ndalama yeniyeni yotsekera pa tsiku limene mukufuna kulipira, popeza chiwongola dzanja cha masiku omaliza chimasiya kandalama kamene kangapitirize kukula mu akaunti imene inu mukuyesa kuti inatsekedwa. Mukalipira, tengani kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha, muimitse standing order, ndipo mufunse ngati mbiri yanu ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole yasinthidwa. Chikalata cha umwini wa malo chimene banki inasunga chibwezedwe kwa inu, ndipo chikole chimene chinalembedwa pa malowo ku ofesi ya kaundula wa malo chichotsedwe mwalamulo, ntchito imene nthawi zambiri imadutsa kwa loya ndipo imafuna ndalama yake. Chikolecho chikapanda kuchotsedwa m'kaundula, simungathe kugulitsa nyumbayo kapena kusintha umwini wake bwinobwino ngakhale munamaliza kulipira. Inshuwalansi ya nyumba, imene mwina imadulidwa pamodzi ndi ngongole, muyenera kuyamba kuilipira nokha kuyambira mwezi wotsatira.