Momwe mungapangire kamera ya kabowo ndi chitini cha mkaka

Kamera ya kabowo ilibe galasi, ilibe batire. Ndi chitini chamdima chokhala ndi kabowo kamodzi kakang'ono. Poti kuwala kumayenda mowongoka, zonse zili kunja zimalowera pakabowoko n'kukagwera kukhoma la mkati zitazondoka, monga anafotokozera Ibn al-Haytham zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Mukaika pepala lojambulira pakhomapo, chithunzi chimatsala. Ubwino wa chithunzicho wagona pa zinthu ziwiri: kabowo kosalala, ndi chitini chosalowa kuwala pena paliponse.

Pezani chitini cha mkaka wa ufa chotambalala masentimita pafupifupi 10, chitini chopanda kanthu cha chakumwa chozizilitsa kukhosi, singano yosokera yowonda, sandipepa wosalala, penti yakuda yosanyezimira, tepi yakuda ya amagetsi, msomali, ndi mabeseni ang'onoang'ono atatu. Zofunika kuitanitsa ndi pepala la zithunzi zakuda ndi zoyera, monga Ilford Multigrade RC kapena la Foma, ndi mankhwala awiri otsukira: developer, wotulutsa chithunzi papepala, ndi fixer, wochikhazikitsa kuti chisade. Sankhani pepala losanyezimira kwambiri, chifukwa lonyezimira likapindika m'chitini limadziwalira lokha n'kusiya mizere. Musatsegule phukusi lake powala. Mapepala onse amapserera nthawi yomweyo.

Kukonza chitini

Boolani chitini ndi msomali m'mbali, pakatikati pa msinkhu wake, bowo la mamilimita 6 mpaka 10, ndipo mupale zosongoka. Pakani penti yakuda mkati monse, iume tsiku lathunthu. Chivundikiro cha pulasitiki chimalowetsa kuwala ngakhale chitapakidwa penti, choncho matanipo katoni yakuda mkati ndi kunja.

Kuboola kabowo

Apa m'pofunika kufatsa. Dulani kachidutswa ka masentimita 3 mbali zonse kuchitini cha chakumwa chija. Kagonekeni pa katoni, ikani nsonga ya singano pakati, muzizunguliza pang'onopang'ono ngati mukupekesa moto, osabaya ndi mphamvu. Kuseri kukatuluka kachotupa, siyani, tembenuzani, kwechani kachotupako ndi sandipepa mpaka kabowo kaonekere. Bwezeranimo nsonga yokha, zungulizani kamodzi, kwechaninso. Mukayang'ana kudzuwa la pakhoma, kabowoko kazioneka kozungulira bwino, kopanda ndevu zachitsulo m'mphepete.

Kukula kwake kumadalira mtunda wochoka pakabowo kufika papepala. Pa masentimita 10, kabowo koyenera ndi ka mamilimita pafupifupi 0.4 mpaka 0.45, pa masentimita 5 ndi 0.3. Njira yapafupi yoyezera ndi iyi: mtovu wa pensulo yodina wa 0.5 usalowe. Ukalowa, kabowo kakula ndipo chithunzi chidzatuluka chachimbuuzi. Kakachepa mopitirira, kuwala kumamwazikira m'mphepete mwake, chithunzi n'kufooka chimodzimodzi, komanso nthawi yojambula imatalika. Boolani tizidutswa tinayi kapena tisanu, musankhepo kabwino. Kamateni mkati mwa chitini, kabowo kali pakati pa bowo la msomali, tepi mbali zonse zinayi. Kunja matanipo tepi ina yopinda kumapeto kuti muzigwira. Chitseko cha kamera yanu n'chimenecho.

Kuika pepala

Pepala lojambulira silimva kuwala kofiira, ndiye mutha kugwira ntchito ndi kanyali kofiira kakumbuyo kwa njinga, kataikidwa kutali mita imodzi kapena kupitirira. Bafa usiku limakwanira, mutatchinga zenera ndi bulangete. Yesani kanyaliko kaye: ikani ndalama yachitsulo pakachidutswa ka pepala kwa mphindi 5, n'kukatsuka. Mthunzi wa ndalamayo ukaoneka, nyaliyo ikuwononga pepala.

Dulani pepala masentimita 10 kwa 15, lipindeni motsata khoma loyang'anizana ndi kabowo, mbali yoterera ya mankhwala itayang'ana kukabowo. Onetsetsani kuti silikutseka kabowoko. Vundikirani, zungulizani tepi kawiri pamlomo wa chitini.

Kujambula

Kabowo ka 0.45 pa masentimita 10 kamafanana ndi f/220 (muyeso wa makamera wosonyeza kuti kamalowetsa kuwala kochepa kwambiri), ndipo pepala limamva kuwala mochedwa, pa ISO (muyeso wa kamvedwe ka kuwala) 3 mpaka 6. Padzuwa loswa mtengo yambani ndi masekondi 40. Kukachita mitambo yopepuka, mphindi 2. Pamthunzi wa mtengo kapena pakhonde, mphindi 4 mpaka 8. M'nyumba zimafika ola kapena kuposa.

Chitini chisagwedezeke ngakhale pang'ono. Chikhazikeni pa njerwa, muchitsendereze ndi mwala, dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Matulani tepi chala chili pakabowo, chotsani chala, werengani nthawi pa foni, tsekani. Munthu wodutsa mofulumira saoneka n'komwe, pomwe masamba ogwedezeka ndi mphepo amatuluka ngati utsi. Ikani chinthu pafupi, kaya mtondo kapena gudumu la njinga, chifukwa kamerayi imaonetsa chapafupi ndi chakutali mofanana, ndipo kukoma kwake kuli pamenepo.

Pojambula anthu dziwani ichi: pepala limamva kwambiri mtundu wa buluu ndi wobiriwira, osati wofiira. Thambo limayera mbee, koma njerwa zootcha, dothi lakatondo ndi khungu lakuda zimada kuposa mmene maso amazionera. Musamuike munthu padzuwa la masana ndi thambo kumbuyo kwake; nkhope idzangoti bii. Mukhazikeni pamthunzi wowala, pafupi ndi khoma loyera, atsamire mutu kuti asagwedezeke, ndipo nthawi muiwirikize kawiri.

Kutsuka

Beseni loyamba: gawo 1 la Ilford Multigrade developer, magawo 9 a madzi. Lachiwiri: madzi othira viniga pang'ono. Lachitatu: gawo 1 la Ilford Rapid Fixer, magawo 9 a madzi. Mankhwalawa anawapangira madigiri 20. M'mwezi wa Okutobala madzi a pampopi amafunda, ndipo chithunzi chimada msanga musanachione bwino. Khazikani beseni loyamba m'lina la madzi ozizira. Valani magolovesi, ndipo mabeseniwa asabwererenso kukhitchini.

Pansi pa nyali yofiira, viikani pepala lonse kamodzi n'kamodzi m'beseni loyamba, muziligwedeza pang'ono. Chithunzi chimayamba kutuluka pakatha masekondi 10 mpaka 15, koma musalivuule mpaka mphindi 1 itakwana. Kuvuula msanga kumasiya mawangamawanga. Kenako masekondi 10 mpaka 20 m'lachiwiri, mphindi 1 m'lachitatu. Yatsani magetsi, tsukuluzani mphindi 2 m'madzi oyenda, yanikani ndi chopanira zovala. Dontho la fixer lisagwere mu developer, limamupha. Developer akasowa, ena amasungunula magalamu 54 a soda wochapira, 16 a vitamini C ndi 40 a khofi wosungunuka m'lita imodzi ya madzi, motsatana choncho. Amachedwerapo ndipo pepala limatuluka lofiirira. Fixer yekha alibe wolowa m'malo wodalirika: popanda iye chithunzi chimada chikaona kuwala.

Chomwe mwapeza ndi negativu: zoyera zada, zakuda zayera, kumanja kwapita kumanzere. Ijambuleni ndi foni pamalo owala mofanana, mutembenuze mitundu ndi mbali mu pulogalamu yokonzera zithunzi.

Negativu imakuuzani yokha pomwe palakwika. Ikada bii paliponse koma zinthu zikuoneka, nthawi inachuluka, pojambulanso nthawiyo muidule pakati. Ikayera ndi timithunzi tochepa, wirikizani kawiri. Chifunga chotuwa kapena mphepete zakuda zikutanthauza kuti kuwala kukuba polowera, kawirikawiri pachivundikiro. Kuti mutsimikize, ikani pepala, musatsegule kabowo, siyani chitini padzuwa mphindi 5 n'kutsuka. Liyenera kutuluka loyera. Chithunzi chikadulidwa mozungulira m'makona, bowo la msomali lachepa kapena tepi yaphimba. Kuseri kwa negativu iliyonse lembani ndi pensulo nthawi ya tsiku, mmene kunja kunachera ndi masekondi omwe munapereka, ndipo pojambulanso musinthe chinthu chimodzi chokha.