Mmene mungalumikizire deta yochokera m'malo ambiri nthawi imodzi

Tiyerekeze kuti gulu la alimi ku Ntcheu likufuna kudziwa ola ndi ola mtengo wa mbatata ya kachewere pa misika ya Lizulu ndi Tsangano, pamodzi ndi kuchuluka kwa katundu amene magalimoto akunyamula kupita ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Deta yotereyi sibwera kamodzi ngati fayilo yomalizidwa, koma imangofika mosalekeza kuchokera pa mafoni ndi pa masikelo ambiri, ndipo ntchito yanu ndi kuyifunsa mafunso ikadali m'njira.

Musanagule kompyuta ina iliyonse, gwirizanani za maonekedwe a uthenga. Uthenga uliwonse ukhale ndi nambala yakeyake, dzina la msika, muyeso, ndi nthawi imene chinthucho chinachitika. Muyeso ukhale wa makilogalamu, chifukwa thumba la wogulitsa uyu silifanana ndi thumba la uyo, ndipo kompyuta idzaphatikiza zonsezo osazindikira kuti n'zosiyana.

Ponyamula uthenga kuchokera ku zipangizo zazing'ono, njira ya MQTT, imene inayamba mu 1999, ndi yoyenera chifukwa inakonzedwera malo amene netiweki ndi yofooka. Pakati pa dongosolo lonse ikani Apache Kafka, pulogalamu imene inapangidwa ku LinkedIn n'kuperekedwa kwa anthu onse mu 2011. Kafka imasunga mauthenga m'magulu otchedwa topic, ndipo gulu lililonse limagawidwa m'zigawo zotchedwa partition. Mauthenga amasunga ndondomeko yawo mkati mwa chigawo chimodzi chokha, choncho gwiritsani ntchito dzina la msika ngati kiyi kuti zonse za ku Lizulu zizilowa m'chigawo chimodzi motsatana.

Nkhani yovuta kwenikweni ndi ya nthawi. Pali nthawi imene mbatata inayezedwa, ndipo pali nthawi imene uthenga unafika pa seva, kompyuta yolandira mauthenga onse. M'mapiri a ku Tsangano netiweki ikhoza kudula m'mawa, foni n'kusunga mauthenga ake, kenako n'kuwatumiza onse pamodzi madzulo. Mukawerengera nthawi yofika, mudzaona ngati msika unali zii m'mawa wonse n'kudzaza mwadzidzidzi dzuwa likulowa, zomwe si zoona. Werengerani nthawi imene chinthu chinachitika, ndipo muisunge mu UTC, nthawi imene maiko onse amayerekezerapo nthawi zawo, pokumbukira kuti Malawi ali patsogolo ndi maola awiri. Apache Flink, pulogalamu yowerengera deta ikadali m'njira, imathandiza pano ndi chizindikiro chotchedwa watermark, chimene chimauza pulogalamu kuti idikire mauthenga ochedwa kwa nthawi yakutiyakuti isanatseke chiwerengero cha ola limenelo. Mukadikira pang'ono, yankho limabwera msanga koma lopereŵera. Mukadikira kwambiri, limabwera lokwanira koma wogula atapita kale. Ine ndimaona kuti ndi bwino kutulutsa yankho msanga n'kulikonzanso ochedwawo akafika, m'malo mowataya.

Kulumikiza mitengo ndi katundu wa magalimoto kumatheka ndi SQL, chinenero chofunsira deta mafunso chomwe ambiri anachizolowera, kudzera m'mapulogalamu monga Flink SQL kapena ksqlDB. Kusiyana kwake n'kwakuti funsolo silitha: limangoyendabe, yankho likusintha uthenga watsopano ukafika. Lumikizani pa dzina la msika, ndipo ikani malire a nthawi, monga ola limodzi, chifukwa popanda malire kompyuta imasunga mauthenga onse poyembekezera anzake mpaka memori kudzaza.

Foni ikapanda kulandira chitsimikizo imatumizanso uthenga womwewo, ndiye katundu mmodzi akhoza kuwerengedwa kawiri. Apa m'pamene nambala ija imagwira ntchito: yabwerezedwa, uthenga wachiwiri usiyidwe.

Tsiku lililonse yang'anani kuti pulogalamu yowerenga yatsalira m'mbuyo ndi mauthenga angati. Kafka, ngati simunasinthe kalikonse, imasunga mauthenga kwa masiku 7, choncho magetsi akazima kapena funso likalembedwa molakwika, mukhoza kubwerera pamene munalekezera n'kuwerenganso. Koma ngati misika yanu ndi iwiri yokha ndipo mauthenga ndi mazana ochepa patsiku, database imodzi (pulogalamu yosungira deta) ya PostgreSQL ikukwanirani, bola malamulo a nthawi, muyeso ndi nambala atsatidwe chimodzimodzi.