Nyumba yakale ya ku Joni: yambani ndi mapepala ndi madzi, penti ibwere pomaliza

Ndinachoka ku Ntcheu ndili kale wopenta, ndipo kuno ku Joni ndagwira ntchito zaka zambiri m'nyumba za anthu ku Kensington, Bez Valley, Malvern ndi Rosettenville. Kenako ine ndi mayi akunyumba tinasonkha zomwe tinasunga n'kugula kanyumba kakale ku Turffontein, kokhala ndi zipinda ziwiri kuseri. Abale kutchalitchi akhala akundifunsa kuti tinayenda bwanji, ndiye ndati ndilembe. Penti ndi yomwe imandidyetsa, koma ndikuuzani mosabisa kuti pa nyumba yakale imabwera pomaliza. Ndaona makoma ambiri owala omwe mkati mwake muli chinyezi chokhachokha, chikomekome cha nkuyu.

Munthu wakunja amaloledwa kugula nyumba m'dziko muno, dzina lake n'kulembedwa pa title deed, chikalata cha umwini wa nyumba. Pa ngongole ndi pomwe pali phiri: amene sakhala muno mabanki kawirikawiri amamubwereka theka lokha la mtengo, pomwe wokhala ndi chitupa chogwirira ntchito amamuyang'ana malipiro ndi chitupacho. Kaya mukubwereka kaya mukulipira zanu, ndalama isapite m'manja mwa wogulitsa. Imapita ku akaunti ya loya wosamutsa umwini, ndipo loyayo ayambe wafufuza ku Deeds Office, ofesi ya boma yosunga zikalata za umwini, ngati wogulitsayo alidi mwini wake. Kalata yolumbirira kupolisi si title deed, ngakhale ikhale ndi zidindo zingati. Nyumba za RDP, zomwe boma limapatsa anthu osauka, nazo chenjerani, lamulo limaletsa mwini wake kuigulitsa zisanathe zaka 8.

Wogulitsa ayenera kupereka chikalata cha khonsolo chosonyeza kuti ngongole za malo, madzi ndi zinyalala zalipidwa. Chikalatacho chimangoyang'ana zaka ziwiri zapitazi, choncho pemphani kuona akaunti yonse. Apereke ndi COC ya magetsi, chikalata chotsimikizira kuti mawaya a m'nyumbamo ali bwino. Kuyambira April 2025, nyumba yosapitirira R1 210 000 ilibe msonkho wosamutsira umwini, koma loya amalipidwabe, ndiye ndalama yake muyiike pambali musanayambe kulota matayilosi. Mawu akuti voetstoots mukawaona m'pangano, akutanthauza kuti mukugula nyumbayo monga momwe ilili.

Chinanso, ndipo apa ndikupemphani ngati m'bale: musagule nyumba muli anthu mwa chiyembekezo choti adzatuluka okha. Lamulo la PIE la 1998 silola kutulutsa munthu popanda chigamulo cha khoti, ndipo milandu yotere imadya miyezi, inu mukulipira bondi, ngongole ya nyumba kubanki. Lembani m'pangano kuti nyumba idzaperekedwe yopanda munthu.

Tsopano madzi. Nyumba kaioneni kawiri, ulendo umodzi ukhale tsiku lotsatira mvula yamphamvu. Kwerani m'siling'i masana, zimitsani tochi, yang'anani kumwamba. Paliponse pomwe kuwala kukulowa ngati nyenyezi, mvula imalowanso. Malata akale ambiri sanathe, chomwe chatha ndi misomali ndi mawasha, ndipo kusintha zimenezi n'kutsuka dzimbiri n'kotchipa kwambiri kuposa denga latsopano. Denga likakhala la asbestos musalidule ndi galayinda kapena kulipala, fumbi lake limawononga mapapo. Itanani odziwa ntchitoyo. Muli momwemo gwirani mbale yomwe giza imakhalapo, muone ngati ili youma.

Mukatsika tsekani mipopi yonse, pitani pa mita ya madzi panja, jambulani manambala pafoni, dikirani theka la ola. Akasuntha, paipi ina ikutaya pansi pa nthaka, ndipo bilu ya khonsolo idzakhala yanu. Mapaipi achitsulo akale amadzaza dzimbiri mkati mpaka madzi kutuluka ngati ulusi. Sinthani onse kamodzi makoma asanapakidwe pulasitala. Kuyika zigamba n'kuitana pulambala mwezi uliwonse.

Chomwe chinatipweteka ife ndi ichi. Pabalaza panali matabwa a Oregon pine okongola, koma pakona imodzi ankanyetuka ukaponda. Nditazula thabwa limodzi kunatuluka fungo la bowa, ndipo mtanda wapansi unkanyenyeka m'manja ngati chigumu. Chifukwa chake chinali panja. Amene ankakhalamo kale anathira simenti pabwalo lonse mpaka kutseka njerwa zamabowo zomwe zimalowetsa mpweya pansi pa matabwa, ndiye madzi a mvula ankaima kukhoma. Tinaphwanya simentiyo m'mbali mwa khoma, kutsegula mabowo, kupendeketsa bwalo kuti madzi azithawira kumsewu. Mkati, pomwe penti inatupa n'kutulutsa ufa woyera kufika m'mawondo, tinagumula pulasitala mpaka njerwa zioneke, n'kusiya khoma liume milungu ingapo. Anzanga ankati ndingopaka penti yotseka chinyezi. Imabisa kwa nyengo imodzi, kenako imasendeka ngati khungwa. Matabwa ena onse tinangowapala ndi makina n'kupaka vanishi, ndipo ndi omwe alendo amayamba kuyamikira akalowa. Siling'i zachitsulo zamaluwa za m'nyumba zakale nazonso musazitaye, zimatsukika.

Ntchito ya denga ndi pulasitala ichitike pakati pa May ndi August, kuno kukakhala kouma, osati nthawi ya mabingu ndi matalala. Kungoti m'mawa wa June kumagwa chisanu, simenti musaithire mbandakucha.

Musanagumule khoma kapena kuwonjezera chipinda, funsani zaka za nyumbayo. Ikapitirira zaka 60, ndipo zambiri za madera ndatchulawa zinapitirira kalekale, lamulo la 1999 losunga zakale limafuna chilolezo cha PHRA-G, bungwe loteteza zakale ku Gauteng. Mapulani nawonso ayenera kuvomerezedwa ndi khonsolo. Zipinda zakuseri zomangidwa popanda mapulani zimavuta tsiku logulitsa kapena lopempha inshuwalansi. Zathu zinali pa mapulani akale, n'chifukwa chake tinasankha nyumba imeneyi kusiya ina yotchipa.

Amisiri athu akumudzi alipo ambiri ndipo ntchito amaidziwa. Gulani nokha zipangizo, gwirizanani mtengo pa pepala, muzilipira gawo likatha. Magetsi okha apatseni munthu wolembetsedwa, woti angasainire COC, ngakhale mlamu wanu atanena kuti amatha kulumikiza mawaya.

Zipinda zakuseri ndi zomwe zimatithandiza bondi. Chilichonse tinachiikira mita yakeyake ya magetsi ogula kale, ndipo mikangano ya hita m'nyengo yozizira inathera pomwepo. Wobwera kudzachita lendi, ngakhale wa kwathu ku Ntcheu wonditchula kuti malume, timasainirana pangano: lendi ndi zingati, tsiku lolipira, anthu angati ogona m'chipinda. Dipoziti lamulo limati isungidwe mu akaunti yopatsa chiwongoladzanja, si yogulira matumba a simenti. Mukasemphana, musachotse chitseko kapena kudula magetsi, pitani ku Rental Housing Tribunal ya Gauteng, salipiritsa. Tsiku lolowa timazungulira chipinda limodzi, kujambula makoma, mawindo ndi mpopi, zithunzizo n'kutumizirana pa WhatsApp, kenako ndimapereka kiyi.