Momwe mungalandirire anthu atsopano m'gulu la blockchain popanda kuwaluzitsa ndalama

Munthu akalakwitsa pa blockchain, kaundula wa pa intaneti wolembamo zotumizirana ndalama za crypto, alibe ofesi yokadandaulako. Akatumiza ndalama ku adiresi yolakwika ndiye kuti zapita, akaulula seed phrase, mawu achinsinsi otsegulira waleti yosungira ndalamazo, waleti yonse yapita. Obwera kumene ambiri amazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake amangosuzumira masiku angapo kenako n'kusowa. Ntchito yaikulu ya inu oyendetsa gulu, kaya ndi DAO (gulu lomwe mamembala amaliyendetsa povota) kapena gulu la olemba mapulogalamu, ndi kukonza kuti mlendo ayambe kulakwitsira pamalo pomwe sataya kalikonse.

Yambani naye pa testnet. Blockchain ya Ethereum ili ndi Sepolia, netiweki yoyeserera yomwe ndalama zake zilibe mtengo. Zimapezeka ulere pa ma faucet, masamba ogawa ndalama zoyesererazi, koma ma faucet ena amafuna kuti munthu akhale kale ndi ETH yeniyeni, ndalama ya Ethereum, chomwe mlendo alibe. Gulu lisunge lokha ETH ya Sepolia n'kumagawa pang'onopang'ono, 0.05 pa munthu ndi yokwanira kuphunzirira. Tsiku loyamba aike pulogalamu ya waleti ya MetaMask, atumize 0.01 kwa membala wina, kenako akaione yekha pa Etherscan, tsamba loonetsa zotumizidwa zonse. Apa m'pomuonetsa kuti adiresi imayamba ndi 0x ndipo ili ndi zilembo ndi manambala 42. Asamaikopere pa mndandanda wa zomwe watumiza kapena kulandira kale, chifukwa mbava zimapanga adiresi yofanana ndi ya mnzake kumayambiriro ndi kumapeto, n'kumutumizira kandalama kochepa kuti iziwoneka pamndandandapo.

Pa seed phrase musathamange. Awa ndi mawu 12 kapena 24 ochokera pa mndandanda wa mawu 2048 wa muyezo wotchedwa BIP-39, ndipo aliyense amene ali nawo ndiye mwini ndalama. Alembe papepala, motsatana momwe abwerera. Asajambule pafoni, popeza zithunzi zimakwera zokha ku Google Photos kapena iCloud. Chomwe magulu ambiri amadumpha n'chakuti mlendo afufute waletiyo ikadali yopanda ndalama zenizeni, n'kuibwezeretsa pogwiritsa ntchito pepala lija. Ngati anaphonya liwu limodzi kapena kusinthanitsa awiri, adziwiretu lero osati tsiku lomwe foni yatayika.

Akathyali amasaka kwambiri munthu amene wangofunsa funso pagulu. Akalemba pa Discord kapena Telegram kuti waleti ikuvuta, pasanapite nthawi wina wodzitcha wothandiza amamulembera kumbali n'kumupatsa linki. Lamulo likhale limodzi, lolembedwa pomwe aliyense akuliona akangolowa: oyendetsa gulu sayamba kulembera munthu kumbali, ndipo safunsa seed phrase ngakhale zitavuta bwanji. Muonetseni pomwe angatsekere mauthenga ochokera kwa anthu a pa seva ya Discord. Malinki onse ovomerezeka akhale pa tsamba limodzi lomwe osintha ndi anthu awiri kapena atatu okha. Mufotokozereninso kuti kusaina sikutanthauza kulowa chabe. Pali kusaina kwina komwe kumapatsa contract, pulogalamu ya pa blockchain, chilolezo chotapa tokeni (ndalama za crypto) zake popanda malire, ndipo chilolezocho chimakhalapobe mpaka atachichotsa, monga kudzera pa tsamba la Revoke.cash. Akhale ndi waleti ziwiri, ina yosungira, ina ya ndalama zochepa yolumikizira ku masamba.

Ikafika nthawi ya ndalama zenizeni, gas, malipiro otumizira pa netiweki, asakhale chomubweza. Kuyambira pa kusintha kwa Ethereum kotchedwa Dencun mu March 2024, kutumiza pa Base, Optimism ndi Arbitrum, manetiweki omangidwa pamwamba pa Ethereum, kunatsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi Ethereum yeniyeniyo, ndipo pa waleti zotsatira muyezo wa ERC-4337 gulu likhoza kumulipirira gas mlendo kudzera mwa contract yotchedwa paymaster. Chisokonezo chimabwera chifukwa adiresi yake ndi imodzimodzi pa manetiweki onsewa. Amatumiza pa wina, n'kuyang'ana pa wina, n'kuganiza kuti waberedwa. Malangizo aliwonse atchule dzina la netiweki ndi chain ID, nambala yake yoizindikirira: Ethereum ndi 1, Optimism 10, Base 8453, Arbitrum One 42161.

Kuvota pa Snapshot, tsamba lomwe magulu amavoterapo, sikufuna gas, n'kungosaina, choncho n'koyenera kuyambirapo. Koma musamunamize kuti voti yake ndi yolemera pamene mphamvu ikuwerengedwa ndi tokeni ndipo ochepa ali ndi zambiri. Chomwe chimamusunga munthu ndi kaganyu koti iye agwire n'kukaona katalandiridwa. Ndondomeko iliyonse yokavotera iyambe ndi mizere itatu: ndalama zingati, zikupita kwa ndani, zikagwira ntchito yanji. Pa GitHub, tsamba losungirapo mapulogalamu, ikani chizindikiro cha good first issue (ntchito yoyenera woyamba kumene) pa ntchito zotheka m'maola awiri kapena atatu, monga kukonza malangizo omwe iye mwini anakodwa nawo. Maso ake amaona zomwe akale anazolowera, paja mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Wina asankhidwe sabata iliyonse woyankha ntchito zoterezi pasanathe maola 48.

Musalipire munthu chifukwa chongolowa m'gulu, chifukwa mmodzi akhoza kutsegula waleti mazana n'kutapa zonse. Lipirani ntchito yomwe yatha ndipo yaunikidwa, kuchokera mu waleti ya Safe ya anthu asanu yofuna atatu kuti asaine, ndipo linki ya malipirowo muziika poyera kuti mlendo azitha kuitsatira yekha pa Etherscan monga anaphunzirira tsiku loyamba.