Ndalama ya zogwa mwadzidzidzi isakhale ku banki mkhonde

Anzanga, malipiro akangolowa, musanagule ufa ndi mayunitsi a magetsi, patulani kangachepe, ngakhale K5,000. Muiike pa Mpamba kapena Airtel Money ya nambala ina, ndipo simukhadiyo izikhala m'sutikesi, osati m'foni, poti chala sichichedwa kugula bandulo.

Ambirife timadalira banki mkhonde, koma ndalama za kumeneko zimakhala zili m'manja mwa anthu mpaka tsiku logawana. Mwana akatentha thupi pakati pa usiku, wakabaza sadikira Disembala. Mukasowa pogwira mumathera kwa akatapila, kutenga K20,000 n'kudzabweza K30,000.

Chitenje cha pachinkhoswe si ngozi ayi, chimenecho mufunire kwina. Mukatapako pa matenda kapena maliro, bwezeranipo mwezi wotsatira.