Khansa ya m'mapapo yosapezekapezeka: malangizo kwa wodwala ndi omusamalira

Banja likauzidwa kuti m'bale wawo ali ndi khansa ya m'mapapo, ambiri amangomva mawu oti khansa, zotsalazo n'kudutsa m'makutu. Chikhalirecho khansa ya m'mapapo si nthenda imodzi. Pa odwala 100 alionse, pafupifupi 85 amakhala ndi mtundu wa non-small cell (wa maselo akuluko), ena pafupifupi 15 wa small cell (wa maselo ang'onoang'ono), koma palinso mitundu ina imene dokotala angathe zaka asanakumane nayo. Chotupa cha carcinoid chimapezeka mwa mmodzi kapena awiri pa 100, ndipo kawirikawiri chimakula pang'onopang'ono moti chikapezeka msanga amachichotsa ndi opaleshoni. Mesothelioma imagwira kakhungu kokuta mapapo, ndipo kawirikawiri imabwera chifukwa cha fumbi la asbestos (chinthu chimene ankagwiritsa ntchito pomanga) limene munthu anapuma zaka 20 ngakhale 50 zapitazo. Palinso khansa ya ALK, yobwera chifukwa cha kusintha kwa jini (kachidindo ka m'maselo) yotchedwa ALK, imene ofufuza a ku Japan anaizindikira mu 2007. Imeneyi imakonda anthu ocheperako zaka amene sanasutepo fodya, ndipo kuyambira 2011 pali mapiritsi olimbana nayo mwachindunji, woyamba anali crizotinib, kenako alectinib ndi lorlatinib.

Ndiye ntchito yoyamba ya banja ndi kudziwa dzina lenileni la nthendayo. Pemphani dokotala akulembereni dzinalo ndi siteji yake (kutanthauza pamene yafalikira), ndipo musunge zotsatira za kanyama kamene anadula kukapima. Funsaninso ngati kanyamako kanapimidwa za kusintha kwa majini a ALK, ROS1 kapena EGFR, pakuti yankho lake limasintha mankhwala onse. Mapepalawa ajambuleni pa foni ndipo muziyenda nawo kulikonse. Mukadzafika kuchipatala usiku n'kupeza dokotala amene sanamvepo za mtundu wanuwo, pepala ndilo lidzakulankhulirani. Kupempha kuti katswiri wina aonenso zotsatirazo si mwano. Pa nthenda zosowa chonchi madokotala enieniwo amafunsana.

Dzinalo lidzakutetezaninso ku mawu a anthu. Wina adzabwera n'kunena kuti malume ake anadwala yomweyo ndipo sanathe miyezi itatu. Mwina malumewo anali ndi small cell yomwe inali itafalikira kale, pamene inu muli ndi carcinoid. Ziwerengero za pa intaneti nazonso zambiri n'za mitundu yofala, zina n'zakale mankhwala atsopano asanabwere. Ngati mukufuna anzanu ocheza nawo, funani gulu la odwala mtundu wanu womwewo. Magulu otere alipo pa Facebook, ndipo amathandiza pa zinthu zing'onozing'ono zimene dokotala sakhala ndi nthawi yofotokoza. Koma kusintha mlingo wa mankhwala chifukwa mnzanu wa pa foni watero, ayi.

Ndipo lekani kufunsa wodwala ngati ankasuta. Funsoli silichiza, limangomusenzetsa mlandu. Khansa sipatsirananso ngati chifuwa chachikulu, ngakhale zizindikiro zake zimafanana mpaka ena kumwa mankhwala a TB miyezi yambiri nthenda yeniyeni isanadziwike. Musamupatulire mbale kapena chipinda.

Chimene chimaopsa kwambiri pakhomo ndi kubanika. Mpweya ukachepa mantha amabwera, mantha akabwera munthu amapuma mofulumira, kubanika n'kuwonjezeka. Womusamalira akayamba kuthamangathamanga ndi kufuula amangokolezera moto. Mukhazikeni pansi, aweramire kutsogolo pang'ono, zigongono pa maondo kapena pa tebulo, mapewa atagwa. Akoke mpweya ndi mphuno, autulutse pang'onopang'ono ndi milomo yosongoka, ndipo kutulutsako kuzitalika kuposa kukoka. Tsegulani zenera, mumukupize kumaso kapena mumulozetse kafani kakang'ono. Mphepo yozizira pa nkhope imachepetsadi kubanika, si zongosangalatsa wodwala. Zimenezi muziziyeserera tsiku limene ali bwino, chifukwa munthu wobanika saphunzira chatsopano. Usiku agone chotsamira pa mapilo angapo, ndipo utsi wamtundu uliwonse usamufike.

Kugona tsiku lonse kumafooketsa miyendo, miyendo yofooka imafuna mpweya wambiri. Aziyenda pang'ono tsiku ndi tsiku, kupumula asanatheretu mphamvu. Posamba akhale pa mpando. Chakudya chizikhala chochepa koma pafupipafupi, pakuti mimba yodzaza imakankha mapapo, ndipo musamukakamize mpaka kudya kusanduke mkangano.

Mapiritsi amwedwe pa nthawi yake, osadumphitsa. Chipatso cha grapefruit ndi madzi ake zimasokoneza mankhwala ngati crizotinib m'thupi, ndipo zitsamba zina zimateronso. Chilichonse chimene akumwa pambali muuzeni dokotala, musabise poopa kukalipiridwa.

Pa mofini ndiye mabanja ambiri amalakwitsa. Amaganiza kuti dokotala akalemba mofini kapena akatchula chisamaliro cha palliative (chochepetsa ululu ndi nkhawa) ndiye kuti wataya mtima. Mu 2010 madokotala a chipatala cha Massachusetts General ku Boston anafalitsa kafukufuku wa odwala 151 a khansa ya m'mapapo yofalikira. Amene anayamba msanga kulandira chisamaliro chochepetsa ululu ndi nkhawa, pamodzi ndi mankhwala a khansa, anali ndi moyo wabwinoko, ndipo anakhala ndi moyo miyezi iwiri ndi kupitirira kuposa anzawo. Mofini wa mlingo wochepa amachepetsa ululu komanso kubanika. Vuto lake lodziwika ndi kudzimbidwa, choncho pemphani mankhwala ofewetsa m'mimba tsiku lomwelo.

Pali zizindikiro zosadikira kuti kuche. Amene ali pa kemo (mankhwala amphamvu opha maselo a khansa) akatentha thupi kufika madigiri 38, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa chitetezo chake chatsika ndipo matenda angakule m'maola ochepa. Chimodzimodzinso akatsokomola magazi oposa timizere ta m'makhololo, akabanika mwadzidzidzi kuposa masiku onse, mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, nkhope ndi khosi zikatupa, kapena msana ukapweteka miyendo n'kuyamba dzanzi. Mutu wosaleka, kusokonezeka ndi kukomoka nazo musazichedwetse, makamaka pa khansa ya ALK imene imakonda kufalikira ku ubongo.

Womusamalira asakhale mmodzi. Gawanani masiku, wina wa kuchipatala, wina wa usiku, wina woona za ndalama ndi kulankhula ndi abwana kuntchito. Polowa kwa dokotala muzikhala awiri, mmodzi alembe m'kope zimene zanenedwa, ndipo mafunso mulembe musanachoke pakhomo. Masiku oyandikira sikani (kujambula m'kati mwa thupi) wodwala amasowa tulo ndi kupsa mtima msanga. Zimenezo n'zodziwika, mumvetseni. Koma chisoni chikamugwira masabata awiri osadukiza, osafuna kudya kapena kucheza, auzeni anamwino, pakuti nachonso chili ndi thandizo lake.