Kupuma modekha masiku oyandikira kumwezi: malangizo kwa atsikana ndi amayi a ku Salima

Atsikana ambiri amayamba kuvutika asanaone n'komwe magazi. Kukatsala sabata imodzi kapena ziwiri, mawere amalemera, mimba imafufuma, mutu umawawa, tulo timavuta, kanthu kakang'ono n'kumuliza mtsikana. Zimachokera ku kusintha kwa mahomoni a estrogen ndi progesterone dzira likatuluka, ndipo zimaleka patapita masiku ochepa atayamba kusamba. Amayi, musathamangire kunena kuti mwana wayamba mwano.

Choyamba mtsikana adziwe masiku ake. Kumapeto kwa kope azilemba tsiku limene wayamba kusamba ndi mmene akumvera tsiku lililonse, kwa miyezi 2 kapena 3.

Kenako aphunzire kupuma mpweya modekha kuti mtima uzikhala m'malo masiku amenewa. Kapumidwe kake n'kotere. Akhale pamphasa msana uli wowongoka, amasule chitenje m'chiuno, dzanja limodzi pamimba. Akoke mpweya ndi mphuno akuwerenga mpaka 4, dzanja likwere pamodzi ndi mimba, kenako autulutse pang'onopang'ono ndi pakamwa mpaka 6. Kutulutsa motalikirako ndiko kumatsitsa kugunda kwa mtima. Mphindi 5 zakwana poyamba, n'kumawonjezera mpaka 10. Ndi kutentha kwa kuno kunyanja m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, achite mbandakucha kapena usiku atalowa muneti. Akagona chagada, ayendetse maganizo kuyambira kuzala zakumapazi, m'miyendo, m'chiuno mpaka kumaso. Pomwe pakuwawa aimepo, apume katatu, osalimbitsa minofu.

Ambiri amalakwitsa poyamba tsiku lomwe zavuta. Mtima utapsa kale suphunzira chatsopano, choncho azolowere masiku abwinobwino. Ena amakoka mpweya mwamphamvu ndiponso mothamanga mpaka chizungulire. Zikatero apume mwachizolowezi kwa mphindi imodzi. Maganizo akathawira ku mayeso kapena ku foni si kulephera ayi, angowabweza pa mpweya.

Mkwiyo ukabwera m'kalasi kapena pamjigo, anene chamumtima kuti "ndakwiya, ndi masiku aja", apume katatu asanayankhe munthu.

Kupumaku kumachepetsa nkhawa ndi kukwiya msanga, koma sikuchiza matenda. Ululu ukamamujombetsa kusukulu mwezi ndi mwezi, kapena padi ikamadzaza ola lililonse, mupite naye kuchipatala chapafupi kapena chachikulu cha pa Boma. Akamalankhula zodzipha musadikire kuti kuche, ndipo nambala yaulere yothandiza ana ndi 116.